Nkhanga Apitikitsidwa pa Maliro

Tsiku limene nkhosa yathu ina inafa, ndinatulutsa zinzake zonse m'khola. Mwana wanga Sungeni anandikoka malaya. "Ababa, bwanji mukuzithamangitsa? Kodi sizikufuna kulira mnzawo?" Titakwirira nkhosayo, ndinamukhazika pamwendo n'kumusimbira nthano iyi.

Padambo lina pankadya Nkhosa, Mbawala ndi Nkhanga. Nkhosa anali woopa kunenedwa, Mbawala anali wa mwambo, Nkhanga anali wosabisa mawu. Nkhosa anali ndi ana amapasa. Udzu utatalika ndi mvula, mmodzi anatentha thupi, nayamba kuzungulira ngati woledzera, kenaka anagwa n'kupalasa miyendo mpaka kufa.

Mbawala anafika msangamsanga. "Pepani, mayi. Mwambo mukuudziwa: abale amakhala mogundana ndi mtembo mpaka uikidwe. Kamwana kotsalaka kagone pambali pa m'bale wake, kamutsanzike."

Nkhanga atafika anaona nkhupakupa zikutuluka m'makutu ndi kunsi kwa mchira wa mtembo, zikukwawira kwa olira. Sanapepese n'komwe. Anangoyamba kujompha.

"Iwe Nkhanga!" anakalipa Mbawala. "Ukudya pamtembo?"

"Sindikudya mwana, ndikudya zimene zamupha. Tizilombo ta matendawa timayenda m'malovu a nkhupakupa. Mtembo wazizira, ndiye zikufuna magazi otentha. Achemwali, chotsanipo mwanayo."

"Njala yakoyo usaitche using'anga," anatero Mbawala. "Ine zimandiluma chaka ndi chaka. Unamvapo kuti ndadwala?"

"Inu simudwala, achimwene. Mumangonyamula."

Nkhosa anayang'ana uku ndi uku, naona olira onse akupukusa mitu. "Choka," anauza Nkhanga. "Usandichititse manyazi pa maliro a mwana wanga."

Nkhanga atachoka, kamwana kaja kananong'ona. "Amayi, china chake chikundiyenda m'khutu."

"Khala chete. Pano m'pamaliro."

Mtembo utaikidwa, Mbawala anapita kuseri kwa phiri kukapereka uthenga kwa abale a Nkhosa. Anapumula pamsipu wawo, ndipo nkhupakupa zokhuta zinagwera m'udzu. Anabwerera kwawo ali wojintcha ngati kale.

Mwezi usanathe, kamwana kotsala kaja kanayamba kuzungulira. Nkhosa anathamangira kwa Nkhanga akulira. "Achemwali, tiyeni mukajomphe! Jomphani mmene mungafunire!"

Nkhanga anapita, nachotsa nkhupakupa zonse, ngakhale zobisala pakati pa ziboda. Kenaka anaweramitsa mutu. "Za pakhungu ndatha. Koma zimene zalowa m'magazi, mlomo wanga sufikako."

Kamwanako kanafa. Kuseri kwa phiri nakonso maliro anayamba kutsatizana, khola ndi khola. Mbawala sanaphonye ngakhale amodzi. Ankakhala patsogolo, mogundana ndi aliyense, ndipo nyama zonse zinkamutama kuti ndiye wodziwa kulira ndi anzake. Nkhanga sanaitanidwenso.

Phunziro: Wokuuza zoona pamaliro amaoneka wamwano, koma ndiye amene safuna kudzakupepesanso kachiwiri.

Sungeni anayang'ana nkhosa zimene zinkalira kuseri kwa mpanda. Ndinamupukuta misozi ndi chala. "Zikufuna kulira mnzawo, mwana wanga, monga iwe. Zilire ndithu, koma zilirire uko. Mawa tizisambitsa mankhwala ophera nkhupakupa, ndipo kankhosa kako kamawanga kaja udzakaona katabereka."