Maluwa Amene Mbuzi Zinasiya

Chilimwe chikafika, khitchini ya Mayi Mandimu inkanunkhira mpaka kumsewu. Dzinali anawapatsa ndi anthu oyandikana nawo, poti zala zawo sizinkatha fungo la makoko a mandimu ndi malalanje. Ankaphika manyuchi: kuwiritsa shuga m'madzi, kuponyamo makoko ndi maluwa akutchire, kuvundikira poto kuti fungo lilowerere, kenako kusefa pansalu yoyera n'kuthira m'mabotolo. Supuni imodzi m'tambula ya madzi ozizira, ludzu linkathawa osatsanzika. Eni ake sankalawa, poti anali ndi matenda a shuga. Lilime lawo anali mwamuna wawo, telala wofatsa amene ankasoka pakhonde. Bamboyu ankamwa chilichonse chochokera m'manja mwa mkazi wake osasuzumira n'komwe m'kapu.

Luso anali nalodi mayiwa, tisawanamizire. Koma linabwera ndi mnzake, kudzimva. Kwa iwo kufunsa kunali ngati kuvula pagulu.

Chaka chimenecho banjali linali litangosamukira kudera lina, pafupi ndi mng'ono wawo wa mayiwa, amene anakhalako zaka zambiri. Dzuwa linawamba tchire lonse, maluwa amene ankawadziwa n'kuuma asanatseguke. M'mawa wina, atayenda mpaka miyendo kuwawa, anatulukira kuseri kwa nyumba yakale yogumuka. Mbuzi zinali zitadya chilichonse pamenepo, kusiya fumbi lokhalokha. Koma pakati pa fumbilo panali chitsamba chobiriwira, chodzaza maluwa oyera, aatali ngati malipenga, onse atazyolika pansi. Mbuzizo zinaima chapatali, zikutafuna makatoni, maso ali pa mayiwa.

"Zopusa inu," anatero akuthyola. "Kusiya zokoma n'kumadya mapepala!"

Pobwerera anakumana ndi mng'ono wawo pageti. Dengu anali atalivundikira ndi nsalu.

"Achemwali, chikununkhira chonchi n'chiyani? Tandionetsani."

Funso linali pamlomo penipeni: kodi n'chifukwa chiyani mbuzi za kuno sizidya maluwa awa? Koma analimeza ndi malovu.

"Kuti undibere luso? Iwe matewera ndinakuchapira ndine. Udzalawa zikapsa."

Mng'onoyo anangoseka n'kupitiriza ulendo wake.

Poto itayamba kubwata, fungo linadzaza nyumba, lokoma koma lolemera, ngati la nkhata za pamaliro. Mphaka amene ankakonda kugona pafupi ndi moto anadzuka n'kutuluka, ndipo tsikulo sanabwerenso. Posefa, dontho limodzi linagwera patebulo. Nyerere zinabwera pamzere monga mwa masiku onse, koma zitalawa sizinabwerere kuuna kwawo. Zinayamba kuzungulira pamalo amodzi, kuzungulira, kuzungulira, mpaka zina kugwa chagada. Mayi Mandimu anaziona zonsezi. Nyumba ya mng'ono wawo inali pongoitana chabe. Anatenga kansanza n'kupukuta patebulo.

Masana dzuwa lili paliwombo anapereka tambula kwa mwamuna wawo.

"Mayi, apa ndiye mwadzipambana nokha," anatero telala uja. "Onjezerani."

Anamuonjezera.

Patapita kanthawi makina anasiya kulira. Mayiwa atatuluka anapeza mwamuna wawo ali chikhalire, nkhope ili psuu, milomo itauma gwa, popanda ndi dontho lomwe la thukuta pa kutentha konseko. Maso ake anali atada bii, ngati zitsime. Ankalowetsa ulusi pasingano mosamala kwambiri, koma m'manja mwake munalibe ulusi, munalibe singano.

"Apatseni mpando alendowa," anatero ndi mawu osasa.

"Alendo ake ati, bambo?"

"Amayi anga. Abwera kudzayesa diresi. Akuti kumene akukhala kukuzizira."

Apongozi awo anamwalira kalekale, ana asanabadwe. Telala anaimirira, natenga tepi yake, n'kuyamba kuyeza mphepo: mapewa, chiuno, kutalika. Dzanja lake linaima pamsinkhu weniweni wa malemuwo, amene anali mayi wamfupi. Ankagwedeza mutu ngati wina akumuyankha. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana mkazi amene anakalamba naye nyumba imodzi.

"Pepani mayi, inu ndinu ndani? Mkazi wanga mwamuika kuti?"

Mfuu imene Mayi Mandimu anakuwa inamveka mpaka kumsika. Woyamba kufika anali mng'ono wawo. Atalowa m'khitchini kukatunga madzi, anaona zotsala za maluwa aja pansalu yosefera, ndipo kapu inamupulumuka.

"Mayo, achemwali! Awa? Kuno ngakhale mwana woyamba kuyenda timamuletsa kuwagwira. Munadutsa nawo pamphuno panga!"

Kuchipatala bamboyu anakhala masiku angapo akutola zinthu zosaoneka pabulangete ndi kucheza ndi anthu amene mayina awo ali pamiyala ya kumanda. Mayi Mandimu anakhala pambali pa bedi, kupemphera kuti mwamuna wawo angowatchula dzina kamodzi kokha. Mwamwayi anatsitsimuka, nawazindikira, n'kubwerera kwawo. Mabotolo onse mayiwa anakawakhuthulira m'dzenje.

Telala sanakalipe, sananene ndi liwu limodzi lomwe lowadzudzula. Bola akanakalipa. Mpaka lero mkazi wake akamupatsa chakumwa, kaya ndi tiyi, kaya manyuchi a mandimu okhaokha, amalandira ndi manja awiri n'kuthokoza bwinobwino. Akatero amadonthezako pang'ono pansi pakhondepo, n'kuika tambula pambali pa makina. Amadikira nyerere zibwere, zilawe, zibwerere kuuna kwawo pamzere wowongoka. Mayi Mandimu amaima pakhomo, manja atapinda, kudikira limodzi naye kuti nyerere ziwachitire umboni. Zimawapweteka kuposa mbama.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chomvetsa chisoni n'chakuti phula la Mayi Mandimu anadya ndi munthu amene ankawakhulupirira.