Nsungwi ya pa Bwalo la Gofu

Panali munthu wina, bwana wa pakampani, amene anayamba gofu imvi zitatuluka kale. Mphamvu anali nazo, koma ndodo yake inkatsika molunjika kuchokera pamwamba ngati khasu. Mpira ukanyamuka unkakhotera kumanja, n'kukagwera m'tchire.

Mphunzitsi wa pabwalopo anazika nsungwi mopendeka pambali pake. "Bwana, ndodo izidutsa pansi pa nsungwiyi osaikhudza," anatero. "Kamakumi asanu m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono, popanda mpira."

Tsono malo ophunzirirawo anali kutsogolo kwa khonde la kalabu, pomwe anzake ankakhala. Ulendo woyamba, nsungwi ija phwaa! Anzake anafa nacho chiseko. "Achimwene, mwayamba ganyu yodula nsungwi?"

Munthu uja anachita manyazi, ndipo sanabwererekonso. M'malo mwake anagula ndodo zatsopano. Ha, ngati kuti chokhota chinali ndodo!

Anali ndi mwana wamkazi, Ulemu, katswiri weniweni pa gofu. Kunabwera mpikisano wa awiriawiri, womenya mpira umodzi mosinthana: pomwe wausiya mnzako, iwe umenyera pomwepo. Wachinyamata wa mwa awiri opambanawo ankamutumiza kukasewera kunja kwa dziko. Ulemu akanatha kusankha aliyense, koma anasankha bambo ake.

"Ababa, ku nsungwi kuja mukupitabe?" anafunsa.

"Tsiku ndi tsiku, mwanangu," anayankha iwo, maso ali pa foni.

Tsiku linafika. Ulemu akamenya, mpira unkagwa pa kapinga woyera. Bambo akamenya, unkapita m'tchire. Ndipo wolowa m'tchiremo sanali iwo ayi. Anali mwana. Ankawerama pansi pa minga, chisoso chitadzadza masokosi, n'kuutulutsa mpira, bambo ake n'kuubwezanso komweko. Pa dzenje lomaliza anatuluka m'tchire mikono itatupa ndi chitedze. Analephera ndi kumenya kuwiri kokha, ndipo ulendo uja unapita kwa wina.

Akupita ku galimoto, Ulemu anawagwira dzanja. "Musadandaule, ababa. Ndikudziwa mwakhala mukulimbikira m'mawa uliwonse. Zangokanika basi."

Abale anga, bola akanawakalipira. Mawu amenewo anawawa kuposa chiseko chonse cha pakhonde. Munthu uja anaima, nagwetsa nkhope.

"Ulemu, ndinakunamiza. Ndinapitako tsiku limodzi lokha. Ndinkaopa kusekedwa."

Mwana uja anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anasiya dzanja lija, nayamba kudzikanda mikono.

Ndikukuuzani izi nanenso manyazi ali m'maso, pakuti ndili nazo zanga zomwe ndinauzidwa kuti ndikonze, ine n'kuzengereza. Inunso mukuchidziwa chanu. Mwina ndi mkwiyo, mwina ndi mowa, mwina ndi pakamwa. Munauzidwa kale chochita, ndipo si chovuta. Chovuta n'chakuti anthu akuonani mukuphunzira muli wamkulu. Mukuganiza kuti chokhotacho n'chanu nokha. Ayi ndithu. Pali wina kunyumba kwanu amene amayambira pomwe inu mwasiyira, ndipo mpaka lero akukhulupirira kuti mukuyesetsa.