Mabawuti Anayi a Lole ya Mayi Nangozo

Panali makaniko wina pa Lizulu, dzina lake Lufeyo. Galaja yake inali kuseri kwa msika, pabwalo la dothi lodetsedwa ndi oilo. Pakati pa bwalolo panaima mitengo itatu ya bulugamu yomangidwa pamodzi kunsonga, ndipo tcheni chokwezera injini chinkalendewera pamenepo.

Munthuyu ntchito ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Koma chimene anatchuka nacho kwambiri chinali mphamvu za m'manja. Akamamanga bawuti, ankalowetsa sipanala m'paipi yaitali n'kukoka mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Madalaivala ankati bawuti yomanga Lufeyo simasuka. Iye akamva choncho ankawerama n'kumanamizira kupukuta m'manja, kuti anthu asaone kuti zamukomera.

Kufupi ndi komweko kunali mayi wina wamasiye, mayi Nangozo. Mayiwa ankanyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kupita nazo ku Lilongwe pa lole yakale imene amuna awo anasiya. Injini ya loleyo itafa, anagulitsa ng'ombe ziwiri zimene zinatsala m'khola n'kugula injini ina yogwirapo kale ntchito. Khola linatsala pululu. Injini imeneyi ikanawonongeka, panalibenso choti agulitse, ndipo lole ikanangokhala pankhomo, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Tsono injini sikhala m'galimoto ngati thumba la chimanga pa ngolo. Imakhala pa tchasisi, zitsulo ziwiri zazitali zija zimene zimanyamula galimoto yonse. Chimene chimaigwiriziza pamenepo ndi mabulaketi, zitsulo zopindika, china kumanzere china kumanja, chilichonse ndi labala wake kunsi ndi mabawuti ake awiri. Injini imene mayi Nangozo anagula inali ya mtundu wina, ndiye mabulaketi akale sanakwane. Panafunika kupanga atsopano.

Ntchito imeneyo anaipereka kwa a Sandalamu, bambo wachikulire wowotcherera zitsulo, amene shedi yawo inayandikana ndi galaja ya Lufeyo. A Sandalamu anali munthu wosapupuluma, mwinanso mopitirira. Anatha masiku awiri akuyeza. Anayamba adula katoni, n'kukaiyesa pa injini, n'kubwerera, n'kudulanso, ndipo chitsulo anachikhudza tsiku lachitatu. Lufeyo ankawayang'ana n'kumangopukusa mutu.

Tsiku loika injini linali la msika. Nkhani inamveka kuti lole ya mayi Nangozo iuka lero, ndiye anthu anaunjikana: madalaivala odikira katundu, akabaza, ngakhale amayi ogulitsa tomato anasiyira anzawo malo. Mayi Nangozo anaima pambali, atapinda manja m'chitenje.

Anakankhira lole pansi pa mitengo itatu ija, ndipo injini inatsika pang'onopang'ono pa tcheni. Lufeyo anayala chiguduli pansi n'kulowa kunsi chagada. Mabowo akumanzere anayang'anizana bwinobwino, mabawuti awiri analowa osavuta.

Apa ndinene chinthu chimodzi. Amakaniko ali ndi kachitidwe kawo poika injini. Umalowetsa mabawuti onse anayi ndi zala zokha, osamanga. Kenako umamasula tcheni kuti injini ikhale ndi kulemera kwake, ipeze yokha malo ake pa labala. Ikakhazikika m'pamene umamanga, pang'ono uku, pang'ono uko, mosinthanasinthana mpaka onse alimbe. Lufeyo si kuti sankadziwa zimenezi. Anaziphunzira kalekale ali kamnyamata. Koma tsiku limenelo panali anthu, ndipo dalaivala wina anafuula kuti, "Mangani a Lufeyo, tione!"

Lufeyo anatuluka, anatenga paipi yake yaitali, anamanga mabawuti awiri akumanzere mpaka sipanala inalira. Anthu anaomba m'manja. Iye anazungulira lole mosathamanga, n'kulowanso kunsi, mbali ya kumanja.

Kumanja bawuti inakana. Bowo la bulaketi ndi bowo la tchasisi anasemphana pang'ono chabe, ngati kukula kwa chikhadabo. Anayesa bawuti inayo, nayonso inakana. Anagwedeza, anagogoda ndi sipanala, koma injini inangoti nji. Anthu kunja anayamba kukhala chete, ndipo chete ameneyo Lufeyo anamumva ali kunsi komweko. Anatuluka nkhope itasintha.

"Bulaketi iyi ndi yokhota," anatero mokweza, kuti ngakhale akabaza akumbuyo amve.

"Ndinayeza, achimwene," anayankha a Sandalamu motsitsa mawu.

"Munayeza ndi maso a chaka chatha, madala. Masiku awiri onse aja!"

Anthu anaseka. A Sandalamu anayang'ana bulaketi ija kanthawi, kenako anati, "Chabwino. Ngati ndalakwitsa, ndikatenge chodulira tikuze bowolo." Ananyamuka kulowera ku shedi kwawo, akuyenda mwa masiku onse.

Pa malo ngati amenewa aliyense amasanduka makaniko. Wina anati amenye ndi hamala. Wina anati kudikira mkuluyo n'kutaya nthawi, angokankha injiniyo ndi chitsulo mpaka mabowo akumane. Madalaivala awiri anabwera nacho chitsulocho, chachitali ngati munthu, n'kuchilowetsa pakati pa injini ndi tchasisi. Koma chitsulo cha thupi la injini n'chouma. Sichipindika, chimangothetheka ngati mbiya, ndipo chikathetheka pamene bulaketi imagwira, injini yatha.

Mayi Nangozo anasendera pafupi. "A Lufeyo, injiniyi ipirira zimenezi?"

"Musadere nkhawa, mayi. Si yoyamba iyi."

Lufeyo analowanso kunsi, bawuti ili m'manja, kuti akakankha ailowetse msanga. "Tiyeni!" anatero. Amuna awiri aja anatsamira pa chitsulo. Injini inalira kamawu kakang'ono, tswii, ndipo bowo linasendera pang'ono.

Ali chigonere choncho, Lufeyo anatembenuza mutu kuyang'ana kumanzere kumene anamanga kale. Anaona labala wakumeneko atapotoka, mbali imodzi itafinyika, ina itakokeka. Anayang'ananso bulaketi yakumanja, anaitsata ndi chala kuchokera pa injini mpaka pa bowo. Inali yowongoka ndithu, yodulidwa mwaluso. Apa m'pamene anazindikira. Mabawuti amene iye anamanga aja anakokera injini kumanzere isanakhazikike, n'kuigwira pamenepo itapendekeka. Chitsulo cha a Sandalamu chinalibe mlandu.

Anachita manyazi. Koma kunsi kwa lole kunali iye yekha, palibe wina anaona labala uja. Amuna aja akanakankha kawiri kokha, mwina bawuti ikanalowa. Injini ikanalira lero, anthu akanaomba m'manja n'kubalalika. Mng'alu ukanabwera pambuyo, mwina sabata yamawa, lole italemedwa ndi mbatata pa chitunda china chakutali. Ndipo ndani akanatchula Lufeyo? Anthu akanati injini zogwirapo kale ntchito ndi momwemo, ena akanakumbukira bulaketi ya a Sandalamu.

Munthu akagona kunsi kwa galimoto saona nkhope za anthu, amaona mapazi okha. Lufeyo anaona nsapato za madalaivala zikupondaponda, zikufuna poponda polimba kuti akankhenso. Anaonanso nsapato za pulasitiki za mayi Nangozo, zafumbi, zitaima pamodzi osasuntha. Anaziyang'ana kanthawi ndithu.

"Tikankhenso?" anafunsa mmodzi wa madalaivala.

"Imani," anatero Lufeyo. "Chotsani chitsulocho."

Anatuluka, anakutumula fumbi kumsana, anatola paipi yake n'kuzungulira lole kubwerera kumanzere. Anakoleka sipanala pa bawuti yoyamba, koma anaiyang'anitsa kwina.

"Aa, mukumasula?" anafunsa dalaivala amene anafuula poyamba uja. "Inuyo?"

"Ndikumasula."

Si ntchito yamasewera imene inali pamenepo, chifukwa womanga anali Lufeyo yemwe. Anakoka, bawuti osasuntha. Anaponda tayala ndi phazi limodzi n'kukokanso, thukuta lili kamukamu, ndipo amayi a tomato anayamba kuseka chobisa pakamwa. Iye sanatukule mutu. Kachitatu bawuti inalira khwa, n'kumasuka. Yachiwiri inamuvutanso chimodzimodzi. Atamasula onse awiri mpaka kutembenuka ndi zala, anapita pa tcheni n'kuchilekerera pang'onopang'ono.

Injini inatsika pang'ono, inasuntha yokha kamodzi, n'kukhala. Panalibe phokoso lililonse. Lufeyo analowa kunsi, mbali ya kumanja, anatenga bawuti ija inkakana n'kuiika pa bowo. Inalowa ndi zala ziwiri. Inzakenso inalowa momwemo.

Kenako anamanga monga anaphunzirira. Pang'ono kumanja, n'kuzungulira, pang'ono kumanzere, n'kuzunguliranso. Anazungulira lole ija kanayi kapena kasanu, ndipo palibe amene anaomba m'manja, chifukwa ntchito yotero ilibe chokoma kuonerera. Ena anabwerera ku malonda awo.

A Sandalamu anafika ndi chodulira chawo, nthambo yake ataikulunga paphewa. Anapeza mabawuti onse anayi ali m'malo. Anayang'ana injini, anayang'ana Lufeyo.

Lufeyo anaika sipanala pansi. Analankhula mokweza monga analankhulira poyamba paja, kuti amene anamva zoyambazo amvenso izi. "Madala, bulaketi yanu ndi yowongoka. Ndine ndinamanga kumanzere injini isanakhale. Ndakunyozani popanda chifukwa pamaso pa anthu, mundikhululukire."

A Sandalamu anatsitsa chodulira paphewa, n'kuchiyang'ana. "Zatha, achimwene," anatero. "Koma ndikanafulumira kuyenda, bwenzi pano titadula chitsulo chosalakwa."

Madzulo a tsiku lomwelo, atalumikiza zonse zotsala, anailiza. Injini inadzuka n'kumalira mofatsa, osagwedeza lole. Mayi Nangozo anaika dzanja pa chitseko, anamvetsera nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pa tayala lakale n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. M'mawa mwake lole inapakira mbatata.

Tsono inu amene mabanja akusankhani kukhala ankhoswe, nkhaniyi ndafotokozera inu. Banja likasokonekera, mmodzi ndiye amafika pakhomo panu poyamba, kawirikawiri akulira, ndipo nthawi zambiri amakhala m'bale wanu. Mupatseni mpando, mumvetsereni mpaka amalize, mawu ake alowe onse. Koma musamange. Mukangomuuza tsiku lomwelo kuti mnzake walakwa, mwakokera nkhani mbali imodzi. Winayo akadzabwera, mawu ake sadzakwana pa zimene mwagamula kale, ndipo mudzati ndi wokhota, n'kuyamba kumukankha kuti avomere. Akhoza kuvomera ndithu chifukwa cha ulemu, inu n'kubwerera kwanu mukuti mwakonza. Banjalo lidzathethekera kutali, inu kulibe.

Ndipo ngati alipo pakati panu amene anamanga kale pa nkhani ina, amene anagamula atamva mbali imodzi, iye yekha akudziwa. Kumasula n'kowawa, anthu adzaseka pang'ono. Pitani mukamasule, banjalo lisananyamule katundu wolemera.