Diso Losaluka pa Juzi ya Mwana wa Sakina

Chaka chimene Ramadhani inagwa m'nyengo yozizira, Sakina anafika pakhonde la Abiti Mkwanda ku Namwera, mwana ali kumbuyo, ulusi ndi singano zolukira zili m'manja. Abiti Mkwanda ndiwo ankatiphunzitsa amayife za chipembedzo, ndipo pa kuluka manja awo anali odziwika dera lonse. Ine ndinali pomwepo tsikulo.

Sakina ndinkamudziwa. Anali wopemphera kwambiri, koma akagwira mfundo, kumusuntha kunali ngati kuzula chitsa. Kusikelo anali atamuuza kuti khanda lake likutsika thupi chifukwa mkaka wachepa, koma iye kusala osaleka. Apongozi ake analankhula mpaka kutopa. Kunena zoona, ineyo zinkandipsetsa mtima.

Atapereka salamu anati, "Mwalimu, ndabwera ndi kafunso. Ndikulukira mwanayu juzi. Pepala la malangizoli likuti ndiluke maso awiri, lachitatu ndingolisamutsira pa singano inayo osaliluka. Ine ndaona kuti umenewo ndi ulesi, ndiye ndaluka onse."

Oluka amati maso ponena tizingwe tija timakoloweka pa singano.

"Nanga chavuta n'chiyani, mwana wanga?" anafunsa Abiti Mkwanda.

"Pachithunzipa pali timaluwa toyera pakati pobiriwira. Kwa ine kwangotuluka mizere yokhayokha."

Abiti Mkwanda anamasula zolakwikazo mofatsa n'kumubwezera singano. "Lowetsa singano m'disomo, koma ulusi usaukoloweke, ukhale kumbuyo. Tsopano lisamutse basi."

Sakina anachita zomwezo nkhope ili yokwinya. "Koma Mwalimu, pamenepa sipatsala chiboo?"

"Chiboo chimabwera ndi diso limene lagwa pa singano. Ili likadali m'manja mwako. Ukadzafika ndi ulusi wa mtundu wake udzaliluka, ndipo duwa lidzaoneka."

Ali mkati mwa mzerewo, mwana anadzuka. Analira ndi kamawu kofooka kamene kanandilasa mtima. Sakina anamupatsa bere, mwana anakoka pang'ono, n'kulisiya, n'kuyambanso kulira. Abiti Mkwanda anayang'ana timanja take towonda kwa nthawi ndithu.

"Wasala lero?"

"Ndasala, Mwalimu," anayankha Sakina atadzutsa mutu. "Chiyambireni ndili mtsikana sindinadumphepo tsiku. Ena amabisala kumbuyo kwa ana awo kuti adye masana, ine ayi. Ndikaonekera bwanji pamaso pa Allah ndi mwezi wopereweza?"

Ine mawu anali atafika kale pakhosi, ndipo sanali okoma. Koma Abiti Mkwanda sanakweze mawu.

"Ine chidziwitso changa n'chochepa, Allah ndiye wodziwa zonse. Koma undiyankhe ichi. Pakati pa iwe ndi wolemba pepalali, ankadziwa maonekedwe a juziyi ndani?"

"Wolembayo, Mwalimu."

"Pamene iye anati samutsa, iwe n'kuluka, unamumvera koposa?"

Sakina anayang'ana ulusi umene Abiti Mkwanda anamasula uja uli pamphasa. "Ayi, Mwalimu. Ndinangoononga."

"Mwana wanga," anatero Abiti Mkwanda, "amene anatilamula kusala ndi Yemweyo analoleza mayi woyamwitsa, akaopera moyo wa mwana wake, kuti adye, masikuwo adzabweze pambuyo. Lamulo ndi Lake, chilolezonso n'Chake, ndipo sungalandire chimodzi n'kumubwezera chinacho ngati ukudziwa kumuposa. Lowa m'nyumbamo umwe phala. Masiku akowo sakugwa pansi, adzakudikira. Mwanayu ndiye sangadikire."