Manja Ofiira a Che Jafali

Tsiku lina Lachinayi, itatha swala ya Asiri, pemphero la Asilamu la chakumadzulo, kunyumba kwa Shehe Maulidi Nkwanda ku Ntaja kunafika Che Jafali. Bamboyu ankaluka mikeka ya mlaza, ndipo utoto wake ankaphika yekha. Wofiira ankautenga ku makungwa a mlombwa. Chifukwa chogwira ntchitoyi kuyambira unyamata, zikhato ndi zikhadabo zake zinali zofiira ngati dothi la katondo.

Anapereka salamu, nakhala kumapeto kwa khonde atabisa manja m'mkanjo.

"Che Jafali, mwasowa kumzikiti," anatero Shehe. "Kodi mukudwala?"

"Ayi, Shehe, thupi lili bwino. Mtima ndiwo wasweka. Mkamwini wanga, uja wabwera kumaphunziro posachedwapa, wandiuza kuti wudhu wanga suloledwa. Akuti ndikamasamba kukonzekera swala, utotowu umatchinga madzi kuti asafike pakhungu. Ngati ndi choncho, ndiye kuti moyo wanga wonse ndangogwada pachabe."

Anatulutsa manja aja. Anali ndi mabala, chifukwa anali atawakhula ndi mwala ndi mchenga mpaka kutuluka magazi, koma kufiirako kunali pomwepo.

"Ndiuzeni, Shehe," anapitiriza. "Ndisiye ntchito imene imadyetsa ana anga, kapena ndisiye swala?"

Ngakhale anali okalamba, Shehe anadzuka okha, nakatunga madzi mumtsuko ndi chikho.

"Za utoto mukudziwa ndinu, ine ndine mlendo," anatero. "Ndiphunzitseni. Mlaza mukaunyika n'kuuma, utoto umakhala pamwamba ngati penti wa pachitseko?"

"Ayi, Shehe. Penti amamatirira, mutha kumupala ndi mpeni. Utoto wa mtengo umalowerera. Palibe choti mupale."

"Nanga mkeka wonyikidwa ukavumbidwa ndi mvula, umanyowa?"

"Umanyowa ndithu, mpaka kulemera."

"Tambasulani dzanja."

Shehe anathira madzi pang'onopang'ono kuseri kwa dzanjalo, pamene panalibe bala koma pofiira kwambiri.

"Mukumva chiyani?"

"Kuzizira."

"Akumva kuzizirako ndani, utoto kapena khungu?"

Che Jafali anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali. Misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute.

"Khungu, Shehe."

"Mkamwini wanu musamusungire mkwiyo," anatero Shehe akukhala pansi. "Zimene anaphunzira n'zoona. Penti, phula, chilichonse chomata pakhungu chiyenera kuchotsedwa munthu asanachite wudhu. Anangolakwitsa poyesa kuti mtundu uliwonse ndi chotchinga. Mumuuze abwere kuno tidzawerenge limodzi, mwina nanenso ndidzatolapo kanthu kwa iye."

"Ndiye swala zanga zakale zija?"

"Kulandira swala ndi kwa Allah yekha, ine sindingamulankhulire. Koma za wudhu wanu ndikuyankhani mosakayika: unali wokwanira dzana, ndi wokwanira lero. Madzi amene mwawamva pakhungu lanu anafikapo masiku onsewo. Pitani mukapake mankhwala pamabalapo, mwala uja muutaye. Mawa m'mawa mutereke mphika wanu wa makungwa monga mwa nthawi zonse, ndipo adhana yoitanira anthu kuswala ya Lachisanu ikamveka, mubwere ndi manja omwewo."