Masamba pa Geti la Khansala

Mmawa wina mkazi wa Khansala Weston akusesa pakhomo, anapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu, pageti penipeni. Ku Mgona ngakhale mwana amadziwa kuti masamba pamsewu ndiye kuti pagwa maliro. Koma m'nyumbamo onse anali moyo.

Chiyambi chake n'chakuti thumba la dera linali litabooka. Weston anaitanitsa msonkhano nati, "Tonse timange malamba." Atsogoleri akati "tonse", iwe mmphawi gwira m'chiuno mwako. Anaimitsa lole imene inkanyamula maliro kupita kumanda, koma mafuta a galimoto yake ndi maalawansi a misonkhano ya kuhotela sanakhudze.

Mwamadi, kalipentala wokalamba, anafunsa, "Nanga inu bwana, lamba wanu mwamanga pati?"

"Mtsogoleri sayenda wapansi, madala," anayankha Weston akuseka.

Anthu sanagende, sanatukwane. Anangoyamba kusenza maliro pamapewa, ndipo njira ya kumanda inakhota yokha. Akhristu ndi bokosi, Asilamu ndi jeneza, onse ankadzera pageti pake. Akafikapo, nyimbo zii. Ankaima, maliro ali m'mwamba, maso onse ali pawindo. Mwambo umati mwamuna akakumana ndi maliro alandireko, koma Weston ankabisala kuseri kwa katani.

Masamba aja akawachotsa mmawa, masana ankapeza ena. Amayi ena ochokera ku Nsungwi atawaona, analowa n'kukhala pakhonde, n'kuyamba kulira.

"Pepani mayi, abambo atisiya liti?"

Weston anatuluka akukalipa, koma palibe anatembenuka. Pamsika moni wake unkagwera pansi osatoledwa. Ana ankamupatukira. Galu wake yemwe anayamba kumuuwa. Munthu wamkulu anafika pomadzigwira pachifuwa kuti amve ngati mtima ukugundabe.

Lachinayi dzuwa lili paliwombo, maliro a Golden wogulitsa makala anaima pageti. Weston anatuluka, nalowetsa phewa pansi pa bokosi. Onyamula maliro amalandirana pafupipafupi, ndipo anzake analandiridwa kambirimbiri. Iye ayi. Kumanda n'kutali, ndipo bokosilo linkalemera ngati muli onse amene anawamana lole.

"Ndilandireniko, abale anga," ananong'ona.

Kunangomveka mapazi.

Atafika kumanda anagwa chogwada, phewa litasupuka. Apo m'pamene Mwamadi anamuyang'ana m'maso.

"Mwafika, bwana? Takulandirani."

Lole inayambanso kuyenda sabata yomweyo, ikumwa mafuta amene inkamwa galimoto ya khansala. Musaganize kuti anasintha mtima, anthu otere sasintha. Ankangoopa kukwiriridwa akupuma. Phewa lake lamanja silinawongokenso, ndipo mpaka lero amayenda chopendekera ngati wasenzabe kanthu kamene ena sakuona.

Olimbirana mipando amaiwala kuti mpando umabwera ndi katundu wake: mutu ukakula sulewa nkhonya.