Kubangula kwa Galimoto ya Achimwene

Chimwalirireni achimwene ake, telala wina anali ndi chizolowezi chomvetsa chisoni. Galimoto ikamadutsa mumsewu, phazi lake linkaima pa makina osokera, khutu lili tcheru. Koma ayi ndithu, panalibe ina yolira ngati ya malemuwo. Iwo anali ataikuza injini ndi manja awo, moti ikamatulukira pakona inkabangula mpaka mawindo a shopu kunjenjemera. Telalayo ankatereka ketulo asanawaone n'komwe.

Tsopano galimotoyo inali itatha chaka kuseri kwa nyumba ya mlamu wake, matayala ali phwa. Tsiku lina mayi wamasiyeyo anafika kushopu n'kukhala pampando wa makasitomala.

"Alamu, eni nyumba andimaliza ndi pakamwa, akuti chigalimotocho chichoke. Ndikukupatsani mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Mukaipezera chiphaso choyendera pamsewu, ndi yanu. Zikakanika, ndiitana aja ophwasula magalimoto. Inenso kuiona tsiku ndi tsiku mtima ukundiwawa."

Telalayo anasiya nsalu za eni ake zili mbwee, n'kukokera galimotoyo kugalaja kwa a Sipanala, makaniko wamfupi amene ankagwira ntchito ndi malemuwo. Anaitokosa masiku angapo, ndipo Lachitatu anamuitana.

"Zonse zatheka, atelala. Chatsala ndi kataliti, chitini chija chimakhala m'paipi ya ekizozi n'kumasefa utsi. Yakaleyo yatsekeka, yafa." Anamuonetsa ziwiri zili patebulo. "Iyi ndi yawamba. Timabowo take n'tating'onoting'ono, imasefa bwino, koma galimoto izingonong'ona ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Inayi ndi yotakasuka, ya anthu aliwiro. Utsi umangodutsa, mphamvu imachuluka, kulira kwake n'kosanena."

"Achimwene ankaika iti?"

"Yotakasukayo. Komatu nthawi imeneyo injini inali idakali ndi mphamvu zake. Pano yakalamba, ikudya oyilo. Mukaika imeneyo, makina oyezera utsi akakukanani pamaso. Ikani yawamba mupeze chiphaso, za kubangula tidzaona kutsogolo."

Malangizo abwinotu amenewo, ngakhale mwana akanawamva. Koma mtima wosowa munthu ulibe makutu. Telalayo anagwira kataliti yotakasuka ija, akuisisita ngati mutu wa khanda.

"Ndadikira chaka chathunthu, a Sipanala. Galimoto ya achimwene idzuke ili duu ngati ikuperekeza maliro? Ayi. Ndikufuna ndiimve."

"Koma ndikawotcherera ndawotcherera. Lachisanu m'mawa ndikupita kukaona mkazi wanga kuchipatala, simundipeza mpaka Lolemba."

"Wotchererani."

A Sipanala anapukusa mutu, n'kutsitsa chigalasi chakuda kumaso.

Lachinayi masana anailiza. Mayo ine, kubangula kwake! Malata a galaja anachita kuyankhira, anthu a m'mashopu oyandikana n'kutuluka kudzaona. Telalayo anakhala pachiwongolero misozi ili chuchuchu, koma mumtima munali mosakhuta. Kulira kumene ankakusowa sikunali komvera m'kati mwa galimoto. Iye ankakumvera m'shopu, ali pamakina.

"Ndichitireni chinthu chimodzi," anauza a Sipanala. "Ine nditsogole kushopu. Inu mubwere nayo, mutulukire pakona paja."

Anakakhala pamakina ake, nsalu ili pansi pa singano, osasoka. Posakhalitsa anaimva patali. Inayandikira, inakhota pakona, mawindo ananjenjemera monga kale, ndipo mtima wake unadumpha mpaka anaimirira osadziwa. Galimoto inaima pakhomo. Chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka a Sipanala, akupukuta manja ndi kansanza.

"Mwaimva?"

"Ndaimva," anayankha telalayo ndi mawu otsika. Anakhalanso pansi, manja ali lende.

Lachisanu anapita nayo koyezetsa. Mabuleki anali bwino, magetsi onse ankayaka. Kenako woyeza uja analowetsa kachitsulo m'paipi ya ekizozi, n'kumuuza kuti aponde moto. Utsi wabuluu unati tolotolo. Woyezayo sanataye nthawi.

"Bambo, galimoto yanu ili ndi mawu ngati mlaliki, koma utsiwu sungadutse pano. Mukakonze mudzabwerenso."

Anathamangira kugalaja, anapeza loko ali pachitseko. Amakaniko ena awiri anamuuza kuti abwere sabata yamawa. Madzulo anakagwada kwa mlamu wake kupempha masiku atatu okha.

"Alamu, ine ndinamva dzulo ikubangula mumsewu," anatero mayiyo, maso ali ofiira. "Ana anathamangira kugeti akufuula kuti adadi abwera. Ndawatonthoza mpaka lero. Musandipemphenso, sindingathe."

Loweruka m'mawa ophwasula aja anabwera ndi chilole. Anamanga galimotoyo ndi tcheni n'kuikweza, injini osailiza n'komwe. Telalayo anaima m'mbali mwa msewu akuyang'ana mpando umene achimwene ake anaukhalira mpaka kubooka, ndi chiwongolero chimene zala zawo zinachisalalitsa. Zonsezo zikanakhala zake akanalola kuti galimoto izinong'ona. Iye anafuna kubweza munthu amene anapita kale, n'kutaya ndi chotsala chomwe. Akuluakulu sananame: madzi akatayika saoleka.